Mawu Akuti Chinsinsi pa Gombe la Salima

Zaka za chipani chimodzi

Ana anga, ntchito yanga yoyamba inali ya umesenjala pa ofesi ina ya boma pa Salima. Ndinaiyamba ndili ndi ndevu kale, chifukwa sukulu ndinalowa anzanga a msinkhu wanga atayamba kufunsira mbeta. Mayeso a JC ndinalemba ndili pantchito, ndipo mpaka lero Chingerezi ndimachimva bwino chikakhala papepala kusiyana ndi pakamwa pa munthu. Nditakhoza mayeso aja anandichotsa pa njinga ya makalata n'kundipatsa ntchito yoyenda m'madooko kuwerenga mabwato, maboti ndi makoka. Pensulo tinkaidula pakati kuti ikwane anthu awiri. Alawansi inkabwera munthu utaiwala kale ulendo wake. Bwana wathu anali munthu wa kumpoto, wosalankhulalankhula, ndipo lamulo lake linali limodzi: lemba zimene wauzidwa, usalembe zimene ukuganiza.

Koma zimene tinkauzidwazo zinali zotani? Masiku amenewo munthu wolowa m'mudzi atanyamula pepala ankaopedwa. Anthu ankaganiza za khadi la chipani kapena za msonkho. Msodzi wa makoka atatu ankati ali ndi limodzi, ndipo limodzilo ndi la mlamu wake. Pa zaka zonsezo ndinaphunzira kuti munthu amayamba wayeza wofunsayo, kenako n'kumupatsa yankho lomuyenera. Ndinaphunziranso kukhala pansi ndi asodzi, kusewera nawo bawo ndi kudikira. Luso langa linali lomweli basi, ndipo ndi limene linandipezetsa ntchito imene ndikufuna kuti muidziwe.

Chaka chachiwiri cha matipate, ku Lilongwe

Matipate atabwera, mabungwe anachuluka ngati bowa. Bungwe lina linagwirizana ndi boma kuti lifufuze mmene amayi akuzunzikira m'mabanja m'dziko lonse, koma linafuna kuyamba layesa m'maboma ochepa. Salima inali m'gulumo, ndipo ankafuna mwamuna wodziwa gombe kuti akhale kapitawo wa gulu. Ofesi yathu inandibwereketsa. Woyang'anira ntchito yonse anali mayi Kachingwe, munthu wophunzira kunja, wamfupi, wosuta fodya poyera, zimene ife tinali tisanazionepo kwa mayi wa ku ofesi. Ofunsa mafunso onse anali amayi. Wamkulu pa anayi amene anandipatsa anali a Nabanda, mayi wamasiye amene anagwirapo ntchito yothandiza anamwino ku chipatala cha mishoni.

Sabata yoyamba ya maphunziro inathera pa mawu amodzi. Funso loyamba papepala linali lakuti, kodi amuna anu anakuchitiranipo nkhanza? A Nabanda anaimika dzanja n'kunena kuti mayi wa kwathu ukamufunsa choncho ayankha kuti ayi, dzino lake lili m'manja. Anati wankhanza ndi munthu womana chakudya mwana wamasiye kapena womenya ng'ombe ya pangolo mpaka kugwa, koma mwamuna wa m'nyumba amati amalangiza. Mayi Kachingwe anatsutsa tsiku lonse, m'mawa mwake anabwera atafufuta funsolo. M'malo mwake tinayamba kufunsa chinthu chimodzichimodzi: anakumenyanipo mbama, anakukankhanipo mpaka kugwa, anakutsekeranipo kunja, anakukakamizanipo kuchipinda inu musakufuna. Nkhani ya azakhali anu a Eneresi mukuidziwa, amayi anu anakuuzani, ndipo sindiibwereza pano. Ndingoti nkhoswe yawo ndinali ine, ndipo pamene mafunso aja ankawerengedwa m'kalasi ndinkayankha mumtima m'malo mwawo.

Malamulo a ntchito anali omveka. Pakhomo pamodzi tifunse mayi mmodzi yekha, kuti ena a pakhomopo asadziwe zimene zafunsidwa. Pofunsa pasakhale munthu wina, kupatula khanda la kumsana. Munthu akatulukira, wofunsa atembenuze pepala n'kuyamba za udzudzu ndi kutsegula m'mimba kwa ana. Kumudzi ntchitoyo tiziitchula kuti kafukufuku wa umoyo wa amayi ndi ana. Dzina la munthu lisalembedwe. Galimoto isanyamule aliyense amene tamufunsa. Ine gawo langa linali kulankhula ndi mafumu, kupeza pogona, ndi kutangwanitsa amuna kuti asamazungulire kuseri kwa nyumba. Anandipatsanso mawu oti ndiziwerenga pa msonkhano wa m'mudzi uliwonse. Anali atamasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, ndipo mzere womaliza unkati zonse zimene amayi adzanene ndi chinsinsi. Tinaumva tonse m'kalasi muja, a Nabanda omwe, ndipo palibe anaona vuto.

Mwezi wa Malichi, kumpoto kwa Senga Bay

Ine ndinali nditapempha kuti ku gombe tipite mvula itatha. Chilumba cha Mbenji chimatsekedwa nthawi ya dzinja, ndipo chikatsegulidwa asodzi ambiri amapita kukakhala komweko. Akazi saloledwa kupondako, choncho m'midzi mumatsala amayi, ana ndi nkhalamba. Nthawi yabwino yofunsa mayi inali imeneyo. Koma ndalama za ntchito zinali ndi tsiku lake lothera, ndiye anatitumiza mu Malichi, amuna onse ali pakhomo, akusoka makoka, akumwa, alibe kopita. Tinali amayi anayi aja, ine, ndi dalaivala wathu a Saidi, Msilamu wa pa Salima pomwepo, munthu wanthabwala amene ankaitchula galimoto yathu kuti mkazi wake wachiwiri. Inali yoyera, yolembedwa m'zitseko, ndipo mwana aliyense wa pagombe ankaidziwa. Mafuta ankatipimira, moti masiku ena tinkaisiya pamsewu n'kulowa mumchenga wapansi. Tinkagona m'kalasi ya sukulu.

Midzi iwiri yoyamba tinadutsamo bwino. Wachitatu sindiutchula dzina, ndipo maina a anthu ake ndawasintha. Msonkhano unachitikira pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi matandala oyanikapo nsomba. Ndinawerenga mawu anga monga mwa masiku onse. Nditafika pa chinsinsi, mwamuna wina kumbuyo anafunsa kuti chinsinsi chija cha voti anachimva, nanga ichi n'chovotera ndani? Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Wina anafunsa ngati si jakisoni wa kulera amene amayi amabayitsa mobisa. Ndinakana. Anafunsanso kuti ngati si jakisoni, bwanji osangofunsa amayiwo pomwe pano tonse tikumva. Ndinayankha kuti ndi lamulo la ku ofesi, ndipo ndikuyankha ndinaona ndekha kuti ndathira mafuta pamoto. Panali mwamuna mmodzi amene sanaseke chiyambire. Ndimutcha Jemusi. Anali siginala, munthu amene amakhala m'bwato la nyali kukopa nsomba n'kuuza anzake nthawi yokoka khoka. Ntchito imeneyo imafuna maso ndi kudekha, ndipo siginala wabwino amalemekezedwa pagombe ponse.

Nyumba yake inali imodzi mwa zimene zinasankhidwa. Mkazi wake ndimutcha Naphiri. Anali wa ku Chitala, anabwera ku gombe mwa chitengwa, ndipo anali ndi ana awiri, mtsikana woyamba kumene sukulu ndi khanda. A Nabanda anakhala naye kuseri kwa matandala nthawi yaitali, ine ndikusewera bawo ndi amuna. Atabwerako sanadye. Sindinawafunse kanthu, chifukwa ngakhale kapitawo sankaloledwa kudziwa kuti wanena zakuti ndi uje.

M'mawa mwake amayi a gulu lathu atapita kukatunga madzi pa mjigo, amayi a m'mudzi sanawayankhe moni. A Nabanda anamuona Naphiri atafunda chitenje kumutu, diso limodzi litatsekeka, akupopa ndi dzanja limodzi. Anapeza mpata wolankhula naye pang'ono. Mwamuna wake anali atamufunsa kuti chinsinsi chija chinali chiyani. Iye anati anamufunsa za udzudzu. Mwamunayo anati udzudzu si chinsinsi, mudzi wonse ukulumwa. Anamuvula kufuna kuona pamene anamubaya jakisoni, ndipo ataona kuti palibe anati ndiye kuti chinsinsicho ndi china chachikulu. Anamuuza kuti azimufunsa tsiku lililonse mpaka akumbukire.

A Nabanda atandiuza zimenezi ndinayamba kumanga nsapato. Ndinati ndikupita kwa ankhoswe a banjalo, ndipo akandizengereza ndipita ku boma. Iwo anaima pakhomo la kalasi.

"Mukakanena, ndiye kuti mwamuuza mwamuna uja kuti chinsinsi chinalipodi, ndipo chinali cha iye."

"Ndiye tingokhala, mayi? Munthu akuphedwa ife tikutola mapepala?"

"Ankhoswe a kuchimuna ndi eni ake a boti limene iye amagwirako ntchito. A kuchikazi ali ku Chitala. Inu mukalankhula bwino, mtima wanu upepuka, mawa mukwera galimoto. Naphiri agona kuti?"

Anandiyang'ana nthawi ndithu, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi a kapitawo, amene mukuthamangira kukapulumutsayo ndi ndani?" Za azakhali anu sankazidziwa. Ndinamasula nsapato.

Masana ndinapita pa Salima kukaimba foni ku positi ofesi. Ndinkayembekeza kuti mayi Kachingwe andikalipira za chiwerengero, popeza m'mudzimo tinali tisanafike ndi theka lomwe. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti tisafunsenso mayi wina aliyense m'mudzi umenewo, za chiwerengero akayankha okha kwa eni ndalama. Anatinso tisachoke ngati othawa, ndipo tisachoke mayiyo tisanamuchotsere moto umene tamuyatsira. Ndinafunsa kuti tiuchotsa bwanji. Anati iwo ali ku Lilongwe, ndifunse a Nabanda.

A Nabanda anali ataganiza kale. Anati mwamuna wa kuno akamva chinsinsi amathamangirako, koma akamva za uchembere amathawa yekha osamuthamangitsa. Anati chinsinsi chija tichitsanule pansi iye akuona, apeze kuti munalibe kanthu koma nkhani zimene mwamuna sakhalapo. Ine ntchito yanga inali yomubweretsa.

Ndakhala ndikugwira ntchito zolemetsa pa moyo wanga, koma sindikumbuka ina yoposa ya tsiku lotsatira. Ndinamupeza Jemusi pa bawo. Ndinamupatsa moni wa manja awiri, n'kumutchula kuti achimwene. Chala chake chimodzi chinali chotupa, ndipo ndinkadziwa chimene chinachitupitsa. Ndinasewera naye n'kumulola andidye. Ndinamuyamikira kuti mbiri ya nyali yake inafika mpaka ku ofesi kwathu. Kenako ndinadandaula kuti anthu a ku Lilongwe andichititsa manyazi ndi Chichewa chawo cha m'mabuku, ndipo popeza iye ndi munthu womveka m'mudzi, abwere adzamve yekha mafunsowo kuti akauze anzake. Anandiyang'ana ndi maso aja oonera nsomba pansi pa madzi, n'kuvomera.

A Nabanda anali atayala mphasa pakhonde la nyumba yake. Anali ataitana Naphiri, amayi awiri oyandikana nawo, ndi mayi ake a Jemusi enieniwo, gogo wolimba wogulitsa usipa. Ine ndi Jemusi tinakhala pa mipando chapatali pang'ono. A Nabanda anatsegula pepala la udzudzu lija, koma zimene ankafunsa sizinali papepalapo. Anayamba mokweza mawu kufunsa Naphiri kuti kumwezi anapita liti, kumatenga nthawi yaitali bwanji, amagwiritsa ntchito nsalu zotani ndipo amaziyanika kuti. Anafunsa za magazi a pobereka ndi za mchombo wa khanda. Kenako anatembenukira kwa gogo uja n'kufunsa kuti iwo pobereka mwana wawo ali apoyo zinayenda bwanji, anatuluka ndi mutu kapena ndi miyendo. Jemusi anayamba kuyang'ana zala za kumapazi. Gogoyo anatsegula pakamwa kuti ayankhe, n'kuona mwana wake ali pampando.

"Iwe, ukudikira chiyani pamenepo? Wayamba uzamba?"

Amayi aja anagwa nako kuseka. Jemusi anadzuka mpaka mpando unagwa. Ine ndinaopa kuti kusekako kukathera pa thupi la Naphiri, choncho ndinadzuka naye limodzi n'kuyamba kudzinyoza ndekha. Ndinati taonani ntchito imene boma landipatsa pa ukalamba wanga, kuyenda ndi galimoto kumawerenga nsalu za amayi. Titafika pa bawo nkhaniyo ndinaikamba ine, ndipo woseketsa m'nkhanimo ndinali ine. Amuna anaseka mpaka kutsokomola. Amene anafunsa za voti uja anati kuyambira lero dzina langa ndi a Zamba, ndipo dzinalo linanditsata m'madooko zaka zambiri. Jemusi naye anaseka. Anati akazi ndi opusa, chinthu chotere mkazi wake akanangonena. Madzulo ake anatumiza utaka wouma ku sukulu kuja. Ndinaulandira ndi manja awiri n'kuthokoza. A Saidi anaukana. Ine ndinadya, chifukwa ana a m'mudzi ankasuzumira pawindo.

Tinakhalanso m'mudzimo masiku angapo tikufunsa za udzudzu zokhazokha, poyera, aliyense akumva. Amayi anayambanso kutiyankha moni. Naphiri anauza a Nabanda kuti mafunso a kunyumba atha.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Tsiku loti mawa tinyamuka, Naphiri anawapeza a Nabanda pa mjigo. Anali atamva kuti tikupita ku Chitala. Anati za chinsinsi zatha, koma kumenyedwa sikunayambe ndi ife ndipo sikutha ndi ife. Anati chiyambire palibe munthu anamufunsapo zinthu zija chimodzichimodzi, ndipo pamene ankayankha kuti inde, inde, inde, anadzimva yekha. Ankafuna kupita kwa mlongo wake. Anapempha kuti timunyamule pamodzi ndi ana, atidikira pamsewu kunja kwa mudzi.

A Nabanda, amene anandiletsa kupita kwa ankhoswe, tsopano ndi amene ankati timutenge. A Saidi anati malo alipo, akhoza kugona pansi kumbuyo n'kumufunditsa matumba, ndipo Mulungu sangatifunse za lamulo la ku ofesi. Amayi ena atatu aja anagwirizana nawo. Mawu omaliza anali anga monga kapitawo, ndipo mtima wanga wonse unali kumbali yawo. Koma ndinaganiza za galimoto ija. M'midzi itatu munali amayi amene anakhala pansi ndi ife kuseri kwa nyumba, ndipo amuna awo tsopano ankakhulupirira kuti zinali za uchembere. Galimoto yoyera ikangosowetsa mkazi wa siginala, mbiri ikanayenda gombe lonse dzuwa lisanalowe, ndipo mwamuna aliyense akanabwerera kwa mkazi wake ndi funso lija. Ndinakana.

A Nabanda anati, "Ndinu nomwe munkamanga nsapato."

Ndinati inde, ndipo ndinu munandimasulitsa. Ndinawapempha akamuuze kuti adikire chilumba chitsegulidwe, mwamuna wake akapita ku Mbenji adzanyamuke bwinobwino masana. Anapita. Atabwerako ndinafunsa kuti wati chiyani. Anati wangoti, kawauzeni a kapitawo kuti ndamva. Kuchokera pamenepo a Nabanda ankalankhula nane za ntchito zokha.

Tinanyamuka m'mawa dzuwa litatuluka. Titayenda ndithu pa msewu wa mchenga wopita ku msewu wa tala, tinaona mayi patsogolo, beseni la usipa pamutu, khanda kumsana, kamtsikana kakumutsata ndi kathumba. Aliyense womuona akanati akupita ku msika pa Salima. Beseni analigwira ndi dzanja limodzi, linalo lili lende. Anali Naphiri, sanadikire chilumba. A Saidi anachotsa phazi pa mafuta osandifunsa. Mumsewumo munali anthu a njinga za nsomba, ena a m'mudzi womwewo. Ndinati, "Pitirirani, a Saidi." Anati, "Bwana." Ndinabwereza. Tinamudutsa pang'onopang'ono kuti fumbi lisamuchulukire. Iye sanatembenuke. Mwana uja ndi amene anatiimikira dzanja, monga ankachitira ana onse akaona galimoto yathu.

Miyezi ya masika, ku Chitala

Zimene tinaphunzira ku gombe ndinazilemba n'kuzitumiza ku Lilongwe, ndipo mayi Kachingwe anazitumiza kwa magulu a m'maboma ena. Mawu akuti chinsinsi anachotsedwa pa msonkhano wa m'mudzi, anatsala oti wofunsa aziuza mayi ali awiriwiri. Pa msonkhano ndinkangoti tabwera ndi nkhani za uchembere, abambo amene akufuna kukhalapo ndi olandiridwa. Palibe ndi mmodzi yemwe anakhalapo. Ndinalembanso kuti ntchito yotere isamayendere tsiku lothera ndalama, iziyendera nthawi imene amuna sali pakhomo, kaya ndi ku chilumba, kaya ndi kokagulitsa fodya. Chinthu chimene chinatisowetsa mtendere kwambiri n'chakuti tinalibe kolozera munthu. Mayi akamaliza kukuuza zonse ankafunsa kuti nanga tsopano ndichite chiyani, ndipo masiku amenewo nkhani ya m'banja kulikonse kumene yapita inkabwezedwa kwa ankhoswe. Ndinalemba kuti si bwino kutsegula bala ulibe nsalu yomangira. Mmodzi mwa amayi athu, wamng'ono pa onse, anasiya ntchito tili ku Chitala. Anati akamagona amamva mayankho. Kuyambira pamenepo tinkaweruka msanga, amayi n'kukhala paokha kukambirana, ine ndi a Saidi tikutsuka galimoto yotsuka kale.

Za Naphiri sindinamve kanthu. Kuchokera pamene tinamudutsa kukafika pa tala ndi mtunda wautali kwa munthu wa dzanja limodzi, ndipo mwamuna wake anali ndi njinga. Sindinkadziwa ngati anafika, kapena anamupeza panjira n'kumubweza. Sindikanafunsa munthu, chifukwa kapitawo wa galimoto yoyera akafunsa za mayi wakutiwakuti ndiye kuti wamuulula. Mudzi wa kwawo sunali pa midzi yathu. Ndinkangoyang'ana nkhope za amayi m'njira, m'zigayo ndi pa sikelo. Chakudya chinkandikanika, mpaka amayi anu nditapita kunyumba kumapeto a mwezi anandifunsa ngati ndikudwala. Maliro alionse amene tinkakumana nawo pamsewu ndinkafuna kudziwa kuti ndi a mwamuna kapena a mkazi. A Saidi anazindikira, ndipo ankatsika okha kukafunsa n'kubwera kudzandiuza kuti ndi nkhalamba, bwana, kapena ndi mwana.

Sabata yomaliza, kuzizira kutayamba, ndinapita pa msika waung'ono wa pa Chitala kukagula ndiwo za gulu, popeza inali nthawi yanga. Ndinagula nyemba ndi anyezi, n'kupita ku mzere wa matimati. Ndinawerama pa mulu wina n'kufunsa mtengo ndisanayang'ane mwini wake. Atayankha ndinadzutsa mutu. Anali Naphiri, atakhala pa thumba, khanda lili pamiyendo, diso litatseguka. Dzanja lija linali lisanawongoke bwino, koma ankaligwiritsa ntchito. Pambali pake panali mayi wina wamkulupo wogulitsa mpiru, amene ankamutchula kuti alamu.

Naphiri anandizindikira, ndinaona. Nkhope yake sinasinthe. Ndinali ndi mawu ambiri okonzeka kuyambira pa msewu uja, koma alamu akewo ankamva, ndipo sindinkadziwa zimene iye anawauza za mmene anachokera ku gombe. Ndinaloza milu iwiri. Anaithira m'jumbo yanga n'kulandira ndalama. Kenako anasankha tomato wamkulu pa mulu wina, anamupukuta pa chitenje n'kumuika pamwamba.

"Basera, bambo," anatero.

Ndinathokoza. Iye anali atatembenukira kale kwa mayi wina amene ankadinadina matimati ake, n'kumuuza kuti ngati sakugula asiye, asamufewetsere katundu.